Mgodi wa malasha wa ku Whitehaven: momwe chilolezo chinaperekedwera ndi chimene chinachigwetsa

Pa 13 Seputembala 2024 bwalo lalikulu la milandu la High Court mumzinda wa London linafafaniza chilolezo chimene boma la Britain linapereka ku kampani ya West Cumbria Mining kuti itsegule mgodi wa malasha wapansi panthaka pafupi ndi tauni ya Whitehaven, kumpoto chakumadzulo kwa England.

Chigamulochi chinaperekedwa patatha zaka 7 kuchokera pamene kampaniyi inatula pempho lake, ndipo pofika nthawiyo pempholo linali litavomerezedwa kanayi: katatu ndi khonsolo ya chigawo cha Cumbria, kamodzi ndi nduna ya boma.

Bwalolo silinanene kuti kukumba malasha n'koletsedwa. Chimene linapeza n'chakuti lipoti la kauniuni wa zachilengedwe, limene nduna inatsamira popereka chilolezocho, linasiya mbali imodzi yaikulu imene lamulo limafuna kuti iunikidwe, ndiyo mpweya umene ukanatuluka malashawo akamawotchedwa.

Nkhaniyi ili ndi zambiri zothandiza akuluakulu a boma amene ntchito yawo ndi kuunika mapempho, kulangiza nduna ndi kusaina zilolezo, chifukwa ikuonetsa njira yonse imene pempho la mgodi limadutsa komanso malo amene chigamulo chimatha kugwera.

Mgodi umene kampani inkafuna kutsegula

Whitehaven ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Irish Sea imene inakula chifukwa cha malasha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700 migodi ya kumeneko inkalowera pansi pa nyanja, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo yawo m'menemo. Mu 1910 ngozi ya pa mgodi wa Wellington inapha anthu 136, ndipo mu 1947 ya pa mgodi wa William inapha anthu 104.

Mgodi wa Haig, womwe unali wotsiriza m'derali, unatsekedwa mu 1986. M'dziko lonse la Britain mgodi waukulu wotsiriza wapansi panthaka, wa Kellingley ku Yorkshire, unatsekedwa mu Disembala 2015. Choncho mgodi watsopanowu, umene kampani inaupatsa dzina lakuti Woodhouse Colliery, ukanakhala woyamba wa mtundu wake kutsegulidwa m'dzikolo patatha zaka pafupifupi 30.

Malinga ndi pempho limene linatulidwa mu Meyi 2017, khomo la mgodiwu likanakhala pa malo pamene kale panali fakitale ya mankhwala ya Marchon. Kuchokera pamenepo ngalande zotsetsereka zikanalowera pansi mpaka kukafika pa malasha amene ali pansi pa nyanja, kufupi ndi ndomo ya St Bees Head.

Malasha akatuluka ndi kutsukidwa, lamba wokwiriridwa pansi akanawanyamula mtunda woposa makilomita awiri kukafika ku chigwa cha Pow Beck, kumene akanapakiridwa m'sitima zapamtunda. Kampaniyi, imene inkadalira ndalama za kampani ya EMR Capital ya ku Australia, inati idzalowetsa mapaundi pafupifupi 165 miliyoni, idzalemba anthu pafupifupi 500 ndipo idzakumba matani 2.78 miliyoni pachaka ntchito ikafika pachimake.

Malashawa sanali opangira magetsi. Anali a mtundu umene amauphika kaye m'mauvuni opanda mpweya mpaka utasanduka makala olimba otchedwa coke, omwe amawaponya m'ng'anjo zosungunulira miyala ya chitsulo. Mfundo imeneyi ndi imene inali phata la mkangano wonse, popeza kampani inkati dziko likhoza kusiya malasha a magetsi koma lidzafunabe chitsulo.

Zilolezo zimene mgodi wotere umafuna

Ku England palibe ofesi imodzi imene imapereka chilolezo chonse cha mgodi. Kampani imayenera kugogoda pa makomo angapo, ndipo khomo lililonse lili ndi lamulo lake ndi mafunso ake.

Choyamba ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malo, chimene chimaperekedwa potsatira lamulo la Town and Country Planning Act la 1990. Pa nkhani za miyala ya m'nthaka, mphamvu imeneyi ili m'manja mwa khonsolo ya chigawo, ndipo pa nthawiyo inali Cumbria County Council. Ndondomeko ya boma pa nthawiyo inkati chilolezo chokumba malasha chisaperekedwe pokhapokha ntchitoyo itakhala yosawononga chilengedwe, kapena phindu lake ku dziko ndi kwa anthu a m'deralo litaposa poonekeratu kuipa kwake.

Chachiwiri ndi laisensi yokumbira malasha. Malasha amene sanakumbidwe ali m'manja mwa bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Coal Industry Act la 1994 ndipo linkatchedwa Coal Authority kufikira mu Novembala 2024 pamene linasintha dzina kukhala Mining Remediation Authority. Lamulo limafuna kuti bungweli lione ngati wopempha ali ndi ndalama zoyendetsera mgodi bwinobwino komanso zolipirira anthu amene katundu wawo angawonongeke nthaka ikatitimira.

Chachitatu ndi chilolezo cha ntchito za m'nyanja, chimene amapereka ndi a Marine Management Organisation potsatira lamulo la 2009. Palinso zilolezo za bungwe la Environment Agency zokhudza madzi ndi zinyalala za mumgodi, komanso malamulo a chitetezo cha ogwira ntchito amene amayang'anira ndi a Health and Safety Executive.

Kukhala ndi chimodzi mwa zilolezozi sikumanga manja a maofesi enawo. Kampani ikhoza kuloledwa kumanga pamtunda koma n'kukanizidwa laisensi yokumbira, ndipo zikatero mgodi sungatsegulidwe.

Kauniuni wa zachilengedwe ndi chiyani

Mchitidwe wounika momwe ntchito yaikulu ingakhudzire chilengedwe isanayambe unayambira ku United States ndi lamulo la 1969. Mayiko a ku Ulaya anaukhazikitsa mu 1985, ndipo dziko la Britain linaulowetsa m'malamulo ake ndi kuusungabe ngakhale litatuluka mu mgwirizano wa European Union.

Njira yake ili motere. Ofesi yopereka chilolezo imayamba yaona ngati ntchitoyo ikufunika kauniuni, kenaka imagwirizana ndi wopempha za mitu imene iyenera kufufuzidwa. Wopemphayo amalemba akatswiri ndi ndalama zake kuti akonze lipoti, lipotilo limaikidwa poyera kuti anthu ndi mabungwe aperekepo ndemanga, ndipo pomaliza wopereka chilolezo amaunika zonsezo n'kulemba zifukwa za chigamulo chake.

Lamulo limafuna kuti lipotilo lifotokoze zotsatira zonse zikuluzikulu za ntchitoyo, zobwera mwachindunji ndi zobwera kudzera m'njira zina, kuphatikizapo zokhudza nyengo. Kauniuni salamula kuti ntchito ikanidwe ikapezeka kuti ili ndi kuipa. Cholinga chake n'chakuti wopereka chilolezo komanso anthu wamba adziwe kuipako chigamulo chisanapangidwe.

Mgodi wapansi panthaka sugumula malo aakulu pamtunda ngati mgodi wapoyera, koma uli ndi mavuto akeake. Malasha akachotsedwa denga la mgodi limatha kugwa ndipo nthaka ya pamwamba imatitimira. Madzi amene amapopedwa mumgodi amatha kukhala ndi asidi ndi zitsulo zosungunuka. Komanso m'malasha mumatuluka mpweya wa methane, umene umaphulika ukachuluka ndiponso umatenthetsa dziko kwambiri kuposa mpweya wa carbon dioxide.

Ku Whitehaven panalinso mafunso a pamalopo. Nthaka ya pa Marchon inali yoipitsidwa kale ndi fakitale ya mankhwala. Njira ya lamba uja inkadutsa m'nkhalango zakalekale zimene ndondomeko ya boma imaziteteza mwapadera, ndipo pambuyo pake kampani inalonjeza kuboola pansi pa nkhalangozo m'malo modula mitengo. Anthu ena anadandaulanso kuti malo a zanyukiliya a Sellafield ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8 okha kuchokera kumene kukanakumbidwa.

Khonsolo ivomereza katatu

Komiti ya khonsolo ya Cumbria inavomereza pempholi koyamba mu Malichi 2019, makhansala a zipani zonse atagwirizana. Ambiri mwa atsogoleri a m'derali, kuphatikizapo phungu wa Copeland pa nthawiyo, Trudy Harrison, ndi mfumu ya mzinda ya boma laling'ono la Copeland, Mike Starkie, anali kumbali ya mgodi chifukwa cha ntchito zimene ukanabweretsa m'madera amene ulova ndi umphawi zinali zitazika mizu.

Mu Juni chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Britain inasintha lamulo la Climate Change Act la 2008 n'kuika chaka cha 2050 ngati malire pamene mpweya wotenthetsa dziko umene dzikolo limatulutsa uyenera kulingana ndi umene limachotsa mumlengalenga. Khonsolo inaunikanso chigamulo chake mu Okutobala 2019 ndipo inachitsimikiza.

Otsutsa mgodi atapita kubwalo la milandu, kampani inasintha pempho lake mu 2020 n'kunena kuti idzagulitsa malasha osungunulira chitsulo okhaokha, popanda malasha otsika amene poyamba inkafuna kugulitsa ku mafakitale ena. Mu Okutobala 2020 khonsolo inavomereza kachitatu, koma inadula moyo wa mgodi kuchoka pa zaka 50 n'kulamula kuti kukumba kudzathe pofika kumapeto kwa 2049.

Nduna itenga nkhani m'manja mwake

Gawo 77 la lamulo la 1990 limapatsa nduna mphamvu yochotsa pempho m'manja mwa khonsolo n'kuligamula yokha ngati nkhaniyo ikukhudza dziko lonse. Mu Januwale 2021 nduna yoona za nyumba ndi maboma ang'ono, Robert Jenrick, inakana kugwiritsa ntchito mphamvuyi ponena kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Cumbria.

Kumapeto kwa mwezi womwewo wapampando wa Climate Change Committee, komiti imene lamulo linakhazikitsa kuti izilangiza boma pa za kusintha kwa nyengo, Lord Deben, analembera ndunayo kalata. Iye anati mgodiwu udzawonjezera mpweya woipa pa dziko lapansi, kuti ntchito ya pamgodi payokha idzatulutsa matani pafupifupi 400,000 pachaka, ndiponso kuti malasha 85 pa 100 alionse adzagulitsidwa kunja.

Kalatayi inafika pa nthawi yovuta chifukwa dziko la Britain linali kukonzekera kuchititsa msonkhano wa mayiko wa za nyengo wa COP26 mumzinda wa Glasgow mu Novembala chaka chomwecho. Mu Febuluwale khonsolo inalengeza kuti iunikanso pempholi, ndipo pa 11 Malichi 2021 Jenrick anasintha maganizo n'kulamula kuti pakhale kafukufuku wapoyera.

Kafukufuku wapoyera wa 2021

Kafukufukuyu anayamba pa 7 Seputembala 2021 ndipo anatenga pafupifupi milungu inayi motsogozedwa ndi mkulu wofufuza, Stephen Normington. Pa bwalo lotere mbali iliyonse imabweretsa akatswiri ake, maloya amawapanikiza ndi mafunso, ndipo anthu wamba amapatsidwa mpata wolankhula. Khonsolo inasankha kusaima mbali iliyonse, kotero kuti kampani inalimbana ndi mabungwe awiri, Friends of the Earth ndi South Lakes Action on Climate Change.

Mfundo yoyamba ya kampani inali yakuti malasha a ku Whitehaven adzangolowa m'malo mwa malasha amene mafakitale a chitsulo a ku Britain ndi ku Ulaya amagula kunja, makamaka ku United States. Inati tani iliyonse yokumbidwa ku Cumbria idzachititsa kuti tani ina isakumbidwe kwina, ndipo mpweya wa sitima zowoloka nyanja ya Atlantic udzachepa.

Otsutsa anayankha kuti msika suyenda motero. Katundu akachuluka mtengo umatsika, ndipo mtengo ukatsika ogula amagwiritsa ntchito wochuluka. Iwo anati migodi ya ku United States sikanatseka, koma ikanapeza ogula ena ku mayiko ena.

Mfundo yachiwiri inali ya kufunika kwa malashawo. Otsutsa anaonetsa kuti malasha a m'derali ali ndi sulufule wambiri, amene amaipitsa chitsulo ndi mpweya, kotero kuti mafakitale a m'dzikolo sakanagwiritsa ntchito ochuluka. Anatinso makampani a chitsulo a ku Ulaya ayamba kutembenukira ku ng'anjo zamagetsi ndi ku njira zogwiritsa ntchito mpweya wa hydrogen. Kampani inaumirira kuti ng'anjo za malasha zidzakhalapobe kwa zaka zambiri.

Mfundo yachitatu inali lonjezo la kampani lakuti mgodi wake sudzawonjezera mpweya woipa. Inati idzakola methane n'kumagwiritsa ntchito, idzagwiritsa ntchito magetsi osachokera ku malasha, ndipo wotsalawo idzaulipirira pogula ziphaso za kaboni ku ntchito zochepetsa mpweya m'mayiko ena. Lonjezoli linkakhudza mpweya wa pamgodi pokha, osaphatikizapo wotuluka m'ng'anjo.

Kukula kwa mbali yosiyidwayo kumaoneka powerengera. Tani imodzi ya malasha a mtunduwu ikawotchedwa imatulutsa matani pafupifupi atatu a carbon dioxide, chifukwa kaboni wa m'malasha amalumikizana ndi mpweya wa oxygen. Motero matani 2.78 miliyoni akanatulutsa matani oposa 8 miliyoni pachaka, kuwirikiza pafupifupi ka 20 mpweya wa pamgodi umene Lord Deben anatchula.

Mkulu wofufuza anatula lipoti lake mu 2022 ndipo analangiza kuti chilolezo chiperekedwe. Boma litasuntha tsiku lolengeza kangapo, nduna Michael Gove inavomereza mgodiwu pa 7 Disembala 2022, ponena kuti zonse zikaikidwa pamodzi mgodiwu suwonjezera kapena kuchepetsa vuto la kusintha kwa nyengo. Mu Januwale 2023 mabungwe awiri aja anakasuma ku High Court.

Mlandu wa mafuta umene unasintha zonse

Pa nthawi yomweyo mlandu wina unali kukwera m'mabwalo. Mu 2019 khonsolo ya Surrey inalola kampani ina kupopa mafuta pa malo otchedwa Horse Hill, kumwera kwa London, popanda kuwerengera mpweya umene ukanatuluka mafutawo akamagwiritsidwa ntchito. Mayi Sarah Finch, m'malo mwa gulu la Weald Action Group, anasumira khonsoloyo.

Mayiyu anagonja ku High Court ndiponso ku bwalo la apilo mu Febuluwale 2022. Kumasulira kwa bwalo la apilo ndi kumene kunkagwira ntchito pamene Gove ankapereka chilolezo cha Whitehaven, ndipo kunkapatsa wogamula ufulu wosankha ngati mpweya wa pakuwotcha uyenera kulowa mu kauniuni kapena ayi. Mlandu wa Whitehaven unaimikidwa kaye podikira bwalo lalikulu koposa onse la Supreme Court, kumene West Cumbria Mining inaloledwa kuperekanso mfundo zake.

Pa 20 Juni 2024 oweruza atatu mwa asanu anagamula mokomera Finch. Woweruza Lord Leggatt, amene analemba chigamulo cha ambiriwo, anafotokoza kuti mafuta akapopedwa palibe kukayika kuti adzawotchedwa, kuti kuchuluka kwa mpweya wake kungawerengedwe mosavuta, ndipo kuti malo amene mpweyawo watulukira alibe kanthu popeza umatenthetsa dziko lonse chimodzimodzi. Choncho mpweyawo ndi chotsatira cha ntchito yopopayo ndipo uyenera kuunikidwa.

Bwalolo linatsindika kuti wopereka chilolezo ali ndi ufulu wovomerezabe ntchitoyo akatha kuunika. Chimene sangachite ndi kuvomereza asanaone chiwerengerocho ndiponso anthu asanapatsidwe mpata wochiona.

Chigamulo cha High Court

Pa 4 Julayi 2024 chipani cha Labour chinapambana chisankho. Patangotha sabata imodzi boma latsopano, kudzera mu unduna wa Angela Rayner, linavomereza kuti chilolezo cha 2022 chinali ndi cholakwika pa lamulo ndipo linasiya kuchiteteza. Kampani inapitiriza yokha, ndipo mlandu unamvedwa pakati pa mwezi womwewo pamaso pa woweruza Holgate.

Maloya a kampani anati mlandu wawo ndi wosiyana ndi wa Finch chifukwa malasha awo akanangolowa m'malo mwa ena. Woweruzayo anakana mfundoyi. Iye anati kuwotchedwa kwa malasha a ku Whitehaven n'chinthu chosapeweka, ndiye mpweya wake unayenera kulembedwa mu lipoti. Ngati kampani inkafuna kunena kuti mpweyawo udzafafanizika chifukwa migodi ina idzachepetsa kukumba, unali udindo wa kampaniyo kubweretsa umboni wokwanira ndi kuuika poyera kuti anthu autsutse.

Woweruzayo anapezanso kuti zifukwa za nduna pa mfundoyi zinkatsutsana zokhazokha, popeza pena zinkatenga ngati malasha onse adzalowa m'malo mwa ena ndipo pena zinkavomereza kuti ndi ena okha. Anaonjeza kuti nduna sinayankhe mokwanira madandaulo awiri amene otsutsa anapereka pa kafukufuku uja: momwe chilolezocho chikanafooketsera mawu a Britain polimbikitsa mayiko ena kusiya malasha, ndi kudalira ziphaso za kaboni zogulidwa kunja kwa dzikolo.

Zimene zinatsatira

Kampani sinachite apilo. M'miyezi yomweyo Coal Authority inakana kupereka malaisensi okumbira amene kampaniyi inapempha, ndipo mu Novembala 2024 boma linalengeza kuti lidzakonza lamulo loletsa kupereka malaisensi atsopano okumbira malasha.

Msika nawonso unali utasintha. Pa 30 Seputembala 2024 ng'anjo yotsiriza ya malasha ya fakitale ya Tata Steel ku Port Talbot inazimitsidwa, tsiku lomwelo limene malo otsiriza opangira magetsi ndi malasha m'dzikolo, a Ratcliffe-on-Soar, anatsekedwa. Mu Epulo 2025 zinadziwika kuti West Cumbria Mining yabweza pempho lake.

Mwezi womwewo nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo ladzidzidzi lopatsa boma mphamvu zoyendetsa fakitale ya British Steel ku Scunthorpe kuti ng'anjo zake zisazime, ndipo malasha ake anachita kuitanitsidwa kunja. Amene ankafuna mgodi anati izi zikutsimikiza mfundo yawo, pamene otsutsa anakumbutsa za sulufule wa m'malasha a ku Cumbria.

Mu Ogasiti 2025 eni ndalama a mgodiwu, kudzera m'kampani ya ku Singapore ya Woodhouse Investment, anakasumira boma la Britain ku bwalo la ICSID, lomwe lili pansi pa Banki ya Dziko Lonse ndipo limamva mikangano ya pakati pa maboma ndi amalonda akunja. Iwo anatsamira pangano loteteza malonda limene Britain ndi Singapore anasaina mu 1975. Izi zikuonetsa kuti chilolezo chikaperekedwa n'kufafanizidwa, boma likhoza kukumana ndi mlandu wofuna chipukuta misozi.

Kwa anthu a ku Whitehaven, ntchito 500 zimene analonjezedwa sizinabwere. Kwa zaka pafupifupi 8 mabanja ena anayembekezera malipiro ndipo ena anaopa chiwonongeko, koma onsewo anakhala osadziwa kumene zinthu zidzathere.

Zofunika kuzindikira kwa ogwira ntchito m'boma

Phunziro loyamba ndi lakuti malire a kauniuni amene amaikidwa pachiyambi ndi amene amasunga kapena kugwetsa chilolezo. Ku Whitehaven akatswiri anafufuza za madzi, phokoso, fumbi, misewu ndi nkhalango, koma mutu umodzi umene unasiyidwa unakwanira kugwetsa ntchito ya zaka zonsezo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Lachiwiri ndi lakuti lipoti la kauniuni amalipira ndi wopempha, ndiye ofesi ya boma iyenera kukhala ndi anthu ake odziwa kuliyesa. Mawu akuti vuto lidzathetsedwa ndi zochitika kwina amafunika umboni wa manambala, ndipo wobweretsa umboniwo ndi amene akupempha chilolezo.

Lachitatu ndi lakuti bwalo la milandu siliyesa ngati mgodi ndi wabwino kapena woipa. Limayesa ngati wogamula anatsata njira ya lamulo, anaganizira zonse zoyenera ndiponso anayankha madandaulo akuluakulu ndi zifukwa zogwirizana. Kalata ya chigamulo imene ndime zake zikutsutsana ndi yosavuta kuigwetsa.

Lachinayi ndi lakuti nthawi imasintha maziko a chigamulo. Pakati pa 2017 ndi 2024 dziko la Britain linasintha lamulo la za nyengo, nduna zingapo, boma, kamasuliridwe ka lamulo komanso mafakitale amene akanagula malashawo. Ngakhale khonsolo ya Cumbria imene inavomereza katatu inathetsedwa mu Epulo 2023.

M'dziko muno malasha amakumbidwa m'maboma a Rumphi ndi Karonga, ndipo mgodi wa Mchenga ku Rumphi ndi wapansi panthaka. Lamulo la kasamalidwe ka chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene limaunika malipoti a momwe ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, pamene lamulo la migodi la 2023 linakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi limene limaona za malaisensi.

Zigamulo za mabwalo a ku England sizimanga mabwalo a kuno, komabe maloya ndi oweruza amazitchula kawirikawiri pomasulira malamulo chifukwa dongosolo la milandu la mayiko awiriwa n'lochokera ku muzu umodzi. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamala chilengedwe poganiziranso mibadwo ya m'tsogolo, ndipo gawo 43 limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu kapena zofuna zake.

Pa chifukwa chimenechi, mkulu aliyense amene wapatsidwa fayilo ya mgodi ayenera kutsimikiza kuti lipoti lafotokoza zotsatira zonse zikuluzikulu, kuti anthu okhudzidwa analiona ndi kuyankhapo m'chilankhulo chimene amamva, ndiponso kuti zifukwa zimene akulangiza nduna kapena bodi kusaina zingathe kuima pamaso pa woweruza.